Nyimbo Imene Sinaduke pa Malomo

Sajeni Langton Chimbalanga anali akusamba m'manja kuseri kwa kalasi pamene anamva mfuu. Chiyambire m'mawa anthu anakhala akukuwa pa chionetsero cha zaulimi cha pa Malomo, ena kuchemerera ng'ombe, ena kuchemerera magule, koma mfuu iyi inali ina. Inali ya mkazi, yakuthwa, ndipo inkachokera kumunsi kwa bwalo kumene kunali zigafa za fodya.

"Apha bambo anga! Anthuni thandizeni, apha bambo anga!"

Langton anataya sopo n'kuliyatsa liwiro, anthu akumupatukira. Atafika anapeza chigafa chitadzaza kale. A Solomoni Mkanda, mlimi wodziwika m'dera lonselo, anali gone chafufumimba pakati pa mabelo awiri, magazi akuyenderera kuchokera kunkhongo. Pambali pawo panali chitsulo cha jeke yodindira fodya.

"Tulukani nonse! Mukupondaponda chiyani muno?"

Anagwada n'kuika zala pakhosi pa mkuluyo. Mtima unali ukugunda, ngakhale mofooka.

"Ali moyo! Itanani galimoto ya alangizi, athamange nawo kuchipatala ku boma. Msanga!"

Panja phokoso linali litakula. Achinyamata a chipani, a malaya ofiira aja, anali atagwira mwamuna wina wamtali, malaya ake ali magazi okhaokha. Ankamukankha uku ndi uku, iye osadziteteza n'komwe.

"Ndi uyu, Sajeni! Tamupeza atamugwira mkuluyo!" anatero wamkulu wa achinyamatawo. "Ndi Isake, mkamwini wawo. Mudzi wonse ukudziwa kuti amadana. Ndiponso khadi la chipani la chaka chino alibe. Ameneyu ndi wathu, tipita naye tokha."

Langton anadziwa tanthauzo la mawuwo. Masiku amenewo munthu akatengedwa ndi a malaya ofiira atamutchula kuti ndi woukira, abale ake ankangoyamba kuzolowera kukhala opanda iye.

"Mlandu wa magazi ndi wa polisi," anatero Langton mosakweza mawu. "Mutsekereni m'sitolo ya sukulu. Munthu asamukhudze."

"Mpaka mphoto zithe kuperekedwa basi," anayankha uja. "Lole yathu ikamanyamuka, akwera."

*

M'sitolomo munali mdima ndi fungo la choko. Isake anakhala pa mulu wa madesiki othyoka, manja atamangidwa kumbuyo.

"Unapita kukatani kuchigafa?"

"Kukatenga fodya. Woti aone oweruza."

"Unapeza chiyani?"

"Apongozi. Ali pansi."

"Ndiye?"

"Ndinawanyamula mutu. Ndinkafuna kutseka balalo ndi malaya."

Ankalankhula ngati mawu aliwonse akuchita kuwakumba ndi khasu. Langton anamuyang'ana m'maso.

"Akuti mumadana."

"Tinakangana. Ndimafuna kutenga mkazi wanga kupita naye kwathu ku Chisepo. Iwo amakana. Kukangana si kupha, bwana."

"Unakumana ndi munthu panjira?"

"Ayi. Koma mapesi a kuseri kwa chigafa ankagwedezeka. Ndinayesa ndi mbuzi."

Langton atatuluka anapeza mayi wina atatsamira khoma, mwana ali kumbuyo. Anali yemwe uja anakuwa poyamba: Rakele, mwana wa a Solomoni, mkazi wake wa Isake. Galimoto inali itanyamuka ndi bambo ake ndi mayi ake, iye anatsala chifukwa cha mwamuna wake. Sanadikire kufunsidwa.

"Amuna angawa ngakhale nkhuku amachita kundipatsa ine kuti ndizinge! Lero aphe munthu? Mukufuna amene wachita izi? Ndikuuzani, kaya andimanga andimange!"

"Tsitsani mawu, mayi."

Anatsitsa, koma liwiro silinachepe.

"Mwezi wathawu anabwera kudzatenga ng'ombe m'midzi muno, amvekere ndi mphatso zopita kwa akuluakulu ku likulu. Bambo anapereka nkhunzi yawo yakuda, yothyoka nyanga ya kumanzere. Sabata yatha apita ku maliro ku Chisepo, aipeza ili phee m'khola la mlamu wake wa munthu yemwe anadzaitengayo! Pamodzi ndi zina za anthu a muno! Bambo anabwera akunjenjemera. Anati lero, a tcheyamani a boma lonse akakhala pansanja, aimirira n'kunena zonse pamaso pa anthu."

"Anamuuza mwiniwakeyo?"

"Bambo sabisa mawu. Anamuuza dzulo. Iye anati, 'Tikumane kuchigafa kwanu alendo akamadya, tikambirane ngati akuluakulu.'"

"Ndani ameneyo?"

Rakele anayang'ana uku ndi uku, kenaka analoza ndi mlomo kumtunda, kumene chimkuzamawu chinapachikidwa pa mtengo wa bulugamu.

"Enoki Mlombwa."

Enoki anali mlembi wa chipani m'dera lonse la Malomo, ndiponso ndiye anali wolengeza pa chionetserocho. Ndipo nthawi yonse imene alendo ankadya, Langton yemweyo anamumva ndi makutu ake akulankhula pa chimkuzamawu.

*

Anamupeza pafupi ndi nsanja akukonzetsa mipando. Anali munthu wonenepa bwino, wa mawu okoma ngati a pa wailesi. Dzuwa linali litatentha, koma iye anavala jekete n'kumanga mabatani onse, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Aa, Sajeni! Zachisoni, zachisoni kwambiri. A Mkanda ndi mzati wa chitukuko m'dera lino. Achinyamata a masiku ano, ulemu unawathera. Mwamugwira, eti? Mwagwira ntchito."

"Ndikungofunsa aliyense, bwana. Inu munali kuti nthawi ya chakudya?"

Enoki anaseka, n'kutembenukira anthu amene anali pafupi kuti nawonso aseke.

"Ndinali kuti? Amayi inu, ndinali kuti ine? Anthu onsewa kuyambira pano mpaka kumsika anandimva! Ndinali m'kachisakasa kaja, pakamwa pali pa maiki, kuwerenga maina a alimi ndi kukumbutsa anthu za manyowa. Ngakhale madzi sindinamwe. Kapena inuyo, Sajeni, simunandimve?"

"Ndinakumvani."

"Basitu."

"Nanga nyimbo zalekeranji?"

Diso la Enoki linaphethira.

"Wailesi yanga ya kaseti yafa. Zinthu za masiku ano. Ndikaikonzetsa ku Mponela." Anasendera pafupi n'kutsitsa mawu. "Sajeni, muli ndi ana, si choncho? Mlandu uwu ndi wapafupi. Musauvutitse."

Langton anachoka mutu uli gwa. Kachisakasa kaja anakaona: kanali komangidwa ndi udzu mbali zonse, kotchingidwa ndi ziguduli kuti fumbi lisalowe m'zipangizo, ndipo kuseri kwake kunayambira munda wa mapesi wotsetsereka mpaka kuzigafa. Munthu akanatha kutuluka osaonedwa. Koma munthu sangakhale kuchigafa mawu ake ali pa maiki.

*

"Mandasi otentha, bwana apolisi! Mwayenda kwambiri lero, nkhope yachita kugwa!"

Anali mayi Marita, wogulitsa mandasi pansi pa bulugamu yemwe uja wa chimkuzamawu. Anali mayi wa thupi, woseka ndi mano onse, chitenje chili thukuta.

"Mwakhala pano tsiku lonse, mayi?"

"Ine? Kuchoka pano n'kupita kuti? Kungoti nthawi ya chakudya ija ndinasiyako beseni pang'ono, ndinakathyola dansi. Musandiyang'ane choncho, mafupa akadali bwino awa!"

"Munawaona a Mlombwa akutuluka m'chisakasa?"

"Kuwaona ayi. Kuwamva ndiye eee, mpaka makutu kuwawa. Bambo amene aja akagwira maiki saitaya. M'mawa monse atisowetsa mtendere. Nyimbo ikangofika pokoma, chiuno chikangoti chiyambe, iwo 'Tamverani, tamverani!' nyimbo zii! Ife n'kungoima ngati zitsa, mwendo uli m'mwamba. Akamaliza, nyimbo ija izibwerera pang'onopang'ono ngati ikuchita manyazi. Tikangoyambanso, 'Tamverani!' zii! Ndinatsala pang'ono kukawaponyera ndasi."

Langton anamwetulira, maganizo ali kwina. Anali atayamba kale kuchoka.

"Koma masana aja ndiye anatikomera mtima," anapitiriza Marita. "Tinavina mpaka fumbi kobo! Iwo akulankhula, nyimbo ikupita. Akuwerenga maina, nyimbo ikupita. Osaduka ngakhale kamodzi! Ndinati kodi bamboyu walapa?"

Langton anaima.

"Mwati bwanji?"

"Ndati tinavina."

"Ayi, zinazo. Ankalankhula nyimbo ili mkati?"

"Pamodzi, bwana! Mawu pamwamba, nyimbo pansi. Funsani aliyense amene anavina."

"Nanga m'mawa n'chiyani chinkadula nyimboyo? Ankazimitsa okha?"

"Iwo aja? Ayi, ndi kachitini ka aphunzitsi a sayansi aja, a Peggy. Akuti kali ndi nzeru ngati munthu. Ndi awo akudya nzimbe pakhonde apo."

*

Peggy Kalolo ankaphunzitsa sayansi pa sekondale ya mishoni kuseri kwa phiri, ndipo zokuzira mawu zonse za tsikulo zinali za sukulu yawo. Anali wamng'ono thupi, wa magalasi, zala zili ndi timabala ta kupsa. Langton atangotchula kachitini, nzimbe inaiwalika.

"Mukufuna kukaona? Bwerani! Chiyambire m'mawa palibe amene wandifunsa, onse akungoti ndi mankhwala!"

Anamukokera m'chisakasa. Pa tebulo panali batire ya galimoto, bokosi lokuzira mawu, maiki, ndi kachitini ka polishi wa nsapato kotuluka mawaya mbali ziwiri. Peggy anakatsegula ndi chikhadabo.

"Vuto linali ili, Sajeni. Wolengeza akamalankhula nyimbo ikulira, anthu samva kanthu. Chaka chatha munthu ankachita kukhala apa n'kumatsitsa ndi dzanja, akaiwala zonse n'kusokonekera. Ndiye ndinati, bwanji nyimbo izidzitsekera yokha? Poyamba ndinayesa ndi kaswitchi ka maginito kochokera m'galimoto yakufa. Kanagwira, koma kankadya batire ngati nkhumba, ndipo kakamatseka kankalira kuti 'thaa!' mpaka makanda kudzidzimuka. Ndinakataya. Kuno kulibe magetsi, batire ikatha ndiye kuti mwambo watha. Ndinafunika chinthu chodya pang'ono kwambiri."

"Ndiye ichi?"

"Ichi! Mukuona aka ka miyendo itatu? Ndi thiranzisita, ndinakachotsa m'wailesi yakufa. Muziyese ngati mlonda wa pa ngalande ya kudimba. Munthu akalankhula pa maiki, kamphamvu pang'ono ka mawu ake kamalowa mu aka kozungulira, kapasita, kamene kali ngati kankhokwe. Kakadzaza, mlonda uja amatsegula mpata wa m'mbali, nyimbo yonse n'kupatukira kumeneko osafika ku chimkuzamawu. Munthu akasiya kulankhula, kankhokwe kamakhuthuka pang'onopang'ono kudzera mu aka ka mizeremizere, ndiye nyimbo imabwerera mwaulemu, popanda 'thaa!' Kuti ndipeze kukula koyenera kwa kankhokweko ndinavutika teremu yonse. Kakachepa, nyimbo imalowerera munthu akangopuma. Kakakula, anthu amayesa zafa. Ndipo zonsezi zikuyendera mabatire awiri a tochi, amene angathe dzinja lonse osafooka!"

Anapuma, maso akuwala. Langton anawerama pa tebulo.

"Aphunzitsi, mundiyankhe bwinobwino. Kodi zingatheke munthu kulankhula pa maiki iyi, nyimbo n'kumamvekabe?"

"Sizingatheke. Ndiye ntchito yake imeneyo."

"Masana ano zinatheka. Anthu anavina a Mlombwa akulankhula."

Peggy anapukusa mutu.

"Ine ndinali kukadya ku nyumba ya ahedi, sindinamve bwino. Koma ayi. Ayi! Pokhapokha mabatire atatha."

"Tiyeseni."

Peggy anatulutsa kawailesi kake m'chikwama, nakalumikiza pa waya wa nyimbo, natsitsa mawu kuti zingomveka pafupi. Kunja chimkuzamawu chinayamba kung'ung'udza nyimbo. Anapatsa Langton maiki.

"Nenani kanthu."

"Ndinene chiyani?"

Nyimbo inazima pa liwu loyamba lomwelo. Langton atatseka pakamwa, inabwerera pang'onopang'ono.

"Mabatire ali bwino," anatero Peggy.

"Mwina anakachotsa kachitinika."

"Onani nokha. Mawaya ndinachita kuwotcherera ndi mtovu, palibe pozula. Chozulidwa ndi wailesi yokha. Ndipo njira ya nyimbo ndi imodzi, yodzera m'kachitini." Anavula magalasi n'kuwavalanso. "Sajeni, ngati mawu ndi nyimbo zinamveka pamodzi, ndiye kuti mawuwo sanadzere pa maiki. Analowera njira ya nyimbo. Zonse ziwiri zinachokera malo amodzi."

"M'kaseti."

"M'kaseti! Anajambuliratu kunyumba! Wailesi ina ikuimba, iye akulankhula, ina ikujambula. Sanadziwe kuti ndibwera ndi kachitinika, ndakayamba lero lomwe!" Anagwira pakamwa. "Mayo ine. Ndiye kuti muno munalibe munthu."

"Mbali imodzi ya kaseti ingamupatse nthawi yofika kuzigafa n'kubwerako?"

"Ngakhale kusuta fodya panjira."

Chiguduli cha pakhomo chinakankhidwa. Analowa awiri a malaya ofiira, osapereka ndi moni yemwe.

"Maiki ikufunika kunsanja. Mphoto zikuyamba."

Anaitenga n'kumakoka waya wake wautali kupita nawo. Kumsewu, lole ya achinyamata inali itayamba kale kulira.

*

"Kasetiyo ikhala kuti?" anafunsa Langton. "Ngati waiponya m'chimbudzi, tathera pomwepa."

"Dikirani." Peggy anatseka maso. "Nditabwera kuchokera kokadya, anthu akuthamangira kuzigafa, ndinamupeza Enoki muno akulimbana ndi kachitseko ka wailesi yake, akukoka ndi zala. Ndinati ndithandize, anandikalipira, amvekere ndisakhudze katundu wa eni. Kenaka analowa achinyamata kudzamuitana, iye n'kuikulunga m'chiguduli. Sajeni, wailesiyo sinafe. Yatafuna kaseti! Ikadali momwemo!"

Anazungulira kuseri. Njinga ya Enoki inali itatsamira chisakasa, chiguduli chitamangidwa pakaliyala ndi malamba a chubu. Langton anaima pang'ono. Kumasula katundu wa mlembi wa chipani popanda chilolezo, n'kupezamo nyimbo wamba, kukanakhala kutha kwa ntchito yake, mwinanso kuposa pamenepo. Lole inaliza hutala.

Anamasula.

M'chisakasa, Peggy anatembenuza wailesiyo n'kusuzumira pa kagalasi. Riboni yabulauni inali itapiringizana pa kagudumu ka mkati. Anachotsa chipini m'tsitsi mwake.

"Musandifulumizitse. Ikaduka, umboni wapita."

"Sindikukufulumizitsani."

"Mukupumira m'khosi mwanga."

Kunja a tcheyamani anali atayamba kulankhula, anthu akuomba m'manja. Peggy anakola riboniyo ndi chipini, naimasula pang'onopang'ono, khwinya limodzi, lachiwiri, mpaka kachitseko kanatseguka kuti phwa. Anatulutsa kaseti yopanda dzina, riboni ikulendewera ngati matumbo a nkhuku. Anazula cholembera m'thumba la Langton osapempha, nachilowetsa pa bowo la kasetiyo, n'kuyamba kupukusa. Riboni inalowa yonse. Anapukusabe kuibweza m'mbuyo, dzanja likuthamanga ngati akupota chingwe.

"Timvere muno kaye?" anafunsa.

Langton anasuzumira panja. Achinyamata anayi anali akupita kusitolo ya sukulu, wina atanyamula chingwe china.

"Nthawi palibe. Ibwezereni m'wailesimo, mulumikize ku chimkuzamawu. Kwezani mawu onse."

"Nanga ikakhala kuti si imeneyo?"

"Ndiye mudzanene kuti ndinakukakamizani. Ndikakweza chipewa, tsegulani."

*

Pansanja, a tcheyamani a chipani a boma lonse, mkulu wa imvi ndi ndodo yosema, anali atagwira maiki. Pambali pawo panaima Enoki, atanyamula khasu latsopano loti apatse wopambana. Langton anadutsa pakati pa anthu mpaka kutsogolo, nadikira. A tcheyamani atangomaliza chiganizo n'kutsitsa maiki, iye anakweza chipewa.

Nyimbo inaphulika pa bulugamu. Anthu anadzidzimuka, ena kuseka. Kenaka pamwamba pa nyimboyo panamveka mawu odziwika bwino, okoma ngati a pa wailesi.

"Tamverani, tamverani! Alimi a kalabu ya Chamalire, musaiwale manyowa! Amene akulankhula ndi wanu yemwe uja, Enoki Mlombwa, ndili nanu pano mpaka madzulo!"

Bwalo lonse linatembenukira kunsanja. Enoki anali chiimire, milomo ili yotseka, khasu lili m'manja.

A tcheyamani anakweza maiki. "Kodi chikuchitika n'chiyani?"

Pa liwu lawo loyamba, nyimbo ndi mawu a Enoki zinazima pamodzi. Atasiya, zinabwerera pang'onopang'ono, Enoki wa m'mwamba uja akuwerengabe maina a alimi.

"Ndi yomweyo!" Anali Marita, atakwera pa benchi. "Ndi imene tinavina masana ija! Mawu ake omwewo! Anthuni, tinkavinira kaseti!"

Phokoso linabuka ngati njuchi. Langton anakwera pansanja n'kuchitira sawasha a tcheyamani.

"Pepani bwana, ndasokoneza mwambo. Mwaona nokha: munthu akalankhula pa maiki iyi, nyimbo imazima. Masana ano a Mlombwa analankhula nyimbo osazima, chifukwa sanali pa maiki. Anasiya kaseti ikulira. Ndikufuna atiuze kumene anali pamene a Mkanda ankakanthidwa."

"Bodza!" Mawu a Enoki anatuluka opyapyala, osiyana ndi a pa bulugamu. "Ndi chiwembu ichi! Mphunzitsi uja ndi wapolisiyu akunyoza chipani! Ndinangopita kukataya madzi, ndi mlandu umenewo?"

"Mwina si mlandu. Tavulani jekete, bwana. Kwatentha."

Enoki anayang'ana a tcheyamani. A tcheyamani anayang'ana jeketeyo.

"Vula," anatero.

Khasu linagwa pansi. Enoki analumpha kuseri kwa nsanja ngati si munthu wonenepa uja, nalunjika kumapesi. Bwalo lonse linanyamuka. Amayi anataya madengu, mbuzi za pa chionetsero zinadula zingwe, ana akukuwa, "Uyo! Uyo! Walowera uko!" Langton anadumpha mzere wa maungu, nadutsa pakati pa makola, nam'peza akupalasa pa mzere wa mbatata pamene anapunthwa. Anagwa onse awiri m'fumbi. Pamene ankamudzutsa, mabatani a jekete anali atathothoka. Malaya oyera a mkati anali ndi madontho ofiira kuyambira pachifuwa mpaka pamkono, ndi zinyenyeswa za fodya zitamatirira pomwepo.

A malaya ofiira anafika akupuma wefuwefu, naima. Panalibe amene anadziwa woti amugwire.

"Kamasuleni Isake," anatero Langton. "Tsopano lino."

Anapita.

*

Dzuwa linali litapendeka pamene Landirova ya polisi inakonzeka kunyamuka. Peggy anabwera ndi kaseti ataikulunga m'kampango, naipereka ndi manja awiri.

"Musaiike padzuwa, ingapindike," anatero. Nkhope yake inali ikuseka yokha.

A tcheyamani anakodola Langton ndi ndodo, napita naye pambali.

"Wagwira ntchito, mwana wanga. Munthu woipa ngati uyu amaipitsa dzina la chipani." Anamugwira paphewa, zala zikukanikiza pang'ono. "Koma ndamva anthu akunong'ona za ng'ombe. Imeneyo ndi nkhani ya chipani, tiikonza tokha. Iwe ulembe za chitsulo basi. Wamva?"

"Ndamva, bwana."

Kumbuyo kwa Landirova kunakhala Enoki, unyolo uli m'manja, wapolisi wina ali pambali pake. Moyang'anana naye kunakhala Isake ndi Rakele, amene anapempha kuti awatsitse kuchipatala. Isake sanamuyang'ane Enoki ngakhale kamodzi. Ankangosisita m'mikono mmene munadutsa chingwe.

Ali pakati pa zitunda, msewu ukukhotakhota kulowera ku boma, anakumana ndi galimoto ya alangizi ikubwerera. Dalaivala wa alangiziwo anatulutsa mutu pawindo.

"Atsitsimuka! Adokotala akuti mutu ndi wolimba umene uja! Akufunsa kuti fodya wawo anapambana kapena ayi!"

Rakele analira ndi kuseka nthawi imodzi, akumenya mwamuna wake paphewa. Isake anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Galimoto itayambanso kuyenda, Enoki anasendera kutsogolo mpaka pakamwa pake panafika pafupi ndi khutu la Langton. Mawu okoma aja anali atabwerera.

"Mwakondwa, Sajeni? Ng'ombe zinali zambiri zija. Mukuganiza kuti munthu mmodzi ngati ine ndikanazisonkhanitsa m'midzi yonseyi popanda wondituma? Mukamufunse amene wakuuzani kuti musalembe."

Langton anayang'ana pa kalilole wa pambali. M'fumbi la kumbuyo kwawo, galimoto yakuda ya a tcheyamani inali ikuwatsatira, osayandikira, osatsalira.

"Usaime pena paliponse," anauza dalaivala. "Ngakhale akuimike ndani."